Mmene Yesaya Anadulira Amalume Ake

Yesaya sanapiteko kusukulu ya mafilimu. Sukulu yake inali kuseri kwa mpanda wa loji ina ku Senga Bay, patsinde pa mtengo wa nimu pamene akabaza amaimika njinga podikira anthu. Mlonda wa palojipo ndiye anamunong'oneza mawu olowera pa intaneti ya alendo, atamunyamulira thumba la makala. Anzake akalowapo ankaonera mpira ndi atsikana ovina. Yesaya yekha ndiye anakumana ndi Aphunzitsi.

Aphunzitsiwo anali mnyamata wa kunja, wandevu zosongoka, ndolo kukhutu, amene ankakhala m'kachipinda kowala mofiirira n'kumaphunzitsa anthu pa Yutubu kadulidwe ndi kalumikizidwe ka mavidiyo. Dzina lawo linali lopinda lilime, ndiye Yesaya ankangoti Aphunzitsi. Chizungu chawo chinkathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu pa Kamuzu Road. Yesaya analekezera sitandade seveni, koma anatulukira kabatani kochepetsera liwiro, ndipo kuyambira pomwepo Aphunzitsi ankalankhula mokoka mawu ngati munthu amene wachokera ku kachasu. Moteromo ankamvana bwino.

Munthu ankatha kuima pambali pake, dengu kumutu, n'kuitana kuti, "Kabaza!" iye maso ali pagalasi losweka la foni. Pofika poti adzutse mutu, dengu lija lili pa njinga ya mnzake. Kunyumba mkazi wake Pauline ankangoyang'ana m'kathumba kamene kankabwera ndi bonya, n'kupeza muli chaja.

Ntchito yake yoyamba anaiyesera pa mwana wake. Aphunzitsi anali atanena kuti ukajambula munthu kumbuyo kwake kuli nsalu yobiriwira, nsaluyo umatha kuichotsa n'kuikapo chilichonse, kaya phiri, kaya mzinda wa azungu. Yesaya anakoleka chitenje chobiriwira cha Pauline pachingwe choyanikira zovala, anakhazika mwana m'beseni, n'kujambula. Masana ake anaitana mkazi wake monyadira. Pafonipo mwana anali kuuluka m'beseni pamwamba pa nyanja, akuyamwa chala.

Pauline anakhala pansi.

"Fufutani. Bambo a mwana, fufutani pompano. Mukufuna anthu azinena kuti mwana wanga amatamba?"

"Ndi luso ili, mayi."

"Luso lomwelo akaliona apongozi anu mukalifotokoze nokha."

Anafufuta. Koma posakhalitsa kwaya ya kutchalitchi kwawo inamupempha kuti aijambule, ndipo apa ndi pamene dzina lake linatuluka. Pa intaneti anapeza tinthu taulere toika pamwamba pa vidiyo, ndipo anasankha toyera togwa kumwamba ngati ta kumaiko ozizira. Amayi a kwaya anaimba ataima pamchenga wotentha wa mu Okutobala, thukuta lili chuchuchu, toyerato tikuwagwera pamaduku. Ena anati ndi mana, ena anati ndi ufa. Onse anagwirizana kuti n'zokongola. Kuchokera tsiku limenelo akabaza anzake anayamba kumuitana kuti Dayirekita, ndipo iye sanazindikire kuti akumunena.

Pa zonse zimene Aphunzitsi ankaphunzitsa, mawu amodzi ndiwo anamulowa Yesaya mpaka m'mafupa: dula. Pamene palibe chochitika, dula. Munthu akayamba kubwereza mawu, dula. Anthu a masiku ano sadikira. Aphunzitsi ankanena zimenezi akuwomba m'manja kamodzi, phwa, ndipo Yesaya naye anayamba kuwomba choncho, ngakhale Pauline akamamufotokozera za kusikelo.

Ndiye kunabwera ukwati wa mlongo wake, Mwaiwathu. Mwaiwathu ankayanika usipa pathandala kugombe, ndipo mwamuna wake Yohane anali mmodzi wa alovi, anyamata okoka khoka m'boti la eni. Ankhoswe a kuchikazi anali amalume awo, a Elliot, mlimi wa chimanga wa ku Chitala. A Elliot anagulitsa mbuzi kuti agule jekete la pakaunjika, lamapewa otakata ngati chitseko, ndipo analivala kuyambira pokwera minibasi.

Nthawi ya malangizo itakwana muholo, a Elliot anagwira maiki ndi manja awiri. Anayambira kwa agogo a agogo awo, mmene anafikira ku Chitala kukali thengo. Anafotokoza za njala, za dzombe, za mtengo wa feteleza. Ana anagona kumsana, anadzuka, anayamwa, anagonanso. Mkwati ndi mkwatibwi anali ataweramitsa mitu monga mwa ulemu wake, koma amene anali pafupi anaona kuti kuwerama kwa Yohane kwapitirira ulemu, ndipo Mwaiwathu ankamutsina pantchafu kuti asapange mkonono. A Elliot analeka pamene jenereta inatha mafuta. Yesaya anajambula zonsezo, dzanja mpaka kuchita dzanzi.

Kwathu kuno vidiyo ya ukwati imakhala yoonera tsiku lonse. Anthu amayala mphasa, aliyense kudikira pamene aonekere iye, kuti akuwe kuti, "Ndine uyo!" Ngakhale amene anangodutsa ndi ndowa ya thobwa amafuna adzione. Yesaya ankadziwa zimenezi, pakuti anakulira momwemo. Koma tsopano anali ndi Aphunzitsi.

Filimu imene anatulutsa inali yotalika ngati nyimbo imodzi. Velo ya Mwaiwathu inkauluka pang'onopang'ono. Maina a akwati ankabwera akuzungulira, agolide, n'kusweka kukhala timitima. Munali mphete, munali keke, munali mapazi a anthu ovina, munali ngakhale chithunzi cha m'mwamba chimene anajambula atakwera mumtengo wa mango. Atamaliza, foni inayamba kudandaula kuti yadzaza, ndipo Aphunzitsi anali atangotulutsa maphunziro atsopano a kayatsidwe ka moto pa zilembo. Yesaya anafufuta zonse zimene anajambula paukwati paja, n'kusiya yodulidwayo. Zinyalala amasungiranji?

A Elliot anabwera kudzaonera Loweruka lina, atavala jekete lija, atatenganso mnzawo wa kumpingo kuti adzachitire umboni. Anawaikira mpando pakhonde. Yesaya anaimika foni pa ndowa yovundikira, nadina. A Elliot anali akukonzabe thalauza pamaondo, akufunafuna magalasi m'thumba, pamene nyimbo inatha.

"Yayamba?"

"Yatha, amalume."

"Tabwereza."

Anabwereza. Chapakatikati, pamene akwati ankadula keke, m'mphepete mwa chithunzi munadutsa chigongono cha jekete.

"Apo! Ndi inu apo, amalume," anatero Yesaya mokondwa.

A Elliot anayang'ana chigongonocho, anayang'ana mnzawo uja, kenaka anapempha madzi akumwa. Anathokoza bwinobwino, natsanzika dzuwa likadali pamutu. Yesaya sanaonepo vuto. Tsiku lomwelo munthu wina wa kudziko lakutali, amene sadziwa n'komwe kuti Salima ili kuti, anali ataika kamtima pansi pa filimuyo.

Ukwati unayenda mpaka mwera unayamba. Kenaka m'mawa wina boti litafika, Yohane anagulitsa gawo lake la usipa kwa mayi wina wogula nsomba, dzina lake Sharon, mkazi wake ataima pomwepo ndi beseni lopanda kanthu. Yohane anati Sharon anatchula mtengo wabwino. Kugombe, mwamuna akalumpha thandala la mkazi wake anthu safunsa za mtengo. Mwaiwathu anamanga mapoto ake m'chitenje n'kubwerera kwa amake, mpanda umodzi ndi Yesaya, ali ndi pakati pooneka kale.

Nkhani yotere siivuta. Ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, wolakwa amapepesa, mkazi amabwerera. Koma mkazi sangangonyamuka yekha ngati anapita kokatunga madzi, ndipo mwamuna sangabwere kudzamutenga ngati mbuzi yosochera. Ankhoswe a kuchimuna anabwera, anakhala pakhonde, anadikira, anapita. Anabweranso. A Elliot foni yawo inkangoitana.

Chimene chinawawa n'chakuti mwini boti anali atanena kuti mwera ukangoleka, alovi onse asamukira kutsidya, ku Makanjira, kutsatira nsomba. Mwamuna wopita kutsidya nkhani ya kunyumba isanathe, amakapeza womuphikira komweko. Izi aliyense amadziwa. Mwaiwathu ankadziwanso, ndipo m'mawa uliwonse ankayang'ana masamba a mango kuti aone ngati mphepo ikadalipo.

"Achimwene," anatero tsiku lina akusankha nyemba, osadzutsa mutu, "filimu yanu ija ndi yokongola. Mwana akadzabadwa ndidzamuonetsa kuti bambo ake ndi awa."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yesaya anapalasa njinga mpaka ku Chitala. Anawapeza a Elliot akutonola chimanga pabwalo, ndipo atapatsana moni wa ana ndi wa mbuzi zomwe, anaitula nkhani.

"Ukwati wa ndani?" anafunsa a Elliot.

"Wa Mwaiwathu, amalume."

"Mwaiwathu anakwatiwa? Koma ana inu. Osatiuza?"

"Amalume, inu ndinu ankhoswe."

"Ine? Iyayi, mphwanga. Ine ukwati umenewo ndinauonera pafoni ngati wina aliyense, mboni ilipo. Munali keke. Munali nsapato. Mwina keke yomweyo ndiyo nkhoswe, kaitaneni idzaweruze." Anatonola chimanga china. "Kapena itanani chigongono."

Yesaya anagwada. Anapepesa, nanena kuti akonza, awabwezeramo.

"Zimene ndinalankhula zija uli nazo?"

Apa Yesaya anayang'ana nkhuku imene inkadutsa.

Anabwerera kuseri kwa mpanda wa loji, nafufuza mpaka anapeza phunziro la kayendetsedwe ka chithunzi chongojambula kuti chizioneka ngati chamoyo. Chithunzi cha a Elliot chimene chinapezeka kunyumba chinali cha pachiphaso, maso ali tong'o. Anachidula bwinobwino, nachiika pamwamba pa akwati, ndipo poona kuti m'khosi mukuoneka modukira, anabisamo ndi timitambo toyera taulere tija. Kukamwa kunkatseguka ndi kutsekeka ngati kwa chambo chimene changovuulidwa. Anapalasanso ulendo wa ku Chitala.

A Elliot anavala magalasi. Anaonera mutu wawo ukuyandama m'mitambo, nyimbo ikulira pansipansi.

"Ndinamwalira liti?"

"Amalume..."

"Maliro anga anayenda bwanji? Anthu anadya?" Anabweza foni ija ndi nsonga za zala. "Tamvera, Dayirekita. Ukufuna ndikhale nkhoswe, undijambule ndili nkhoswe. Akwati akhale pampando, avale zimene anavala, ine ndilankhule zimene ndinalankhula. Zonse. Ukadulapo ngakhale chifuwa chokha, mlongo wako ukamukwatire wekha."

Anapangana Loweruka. Lachisanu masamba a mango anali atayamba kale kuima.

Diresi la ukwati linali lobwereka, ndipo mwini wake analola kuti lituluke m'mawa wokha, chifukwa masana linali ndi mkwatibwi wina. Silinathekenso kutseka kumsana. Pauline analigwiriza ndi mapini n'kuphimbapo ndi velo. Yohane anafika molunjika kuchokera panyanja, maso ali psuu, atavala suti ya mnzake yofika m'akakolo, akununkhabe usipa. Holo inali ndi msonkhano, ndiye anaika benchi kuseri kwa nyumba, chitenje chobiriwira chija n'kuchikoleka kumbuyo kuti holoyo adzaiikemo pambuyo pake. Chingwe chinali chachifupi, moti ngodya imodzi anagwira Pauline, mwana ali kumsana, inayo anagwira ankhoswe a kuchimuna, bambo aulemu wawo amene anabwera kudzaweruza mlandu.

Akwati anakhala wina uku wina uko. Pakati pawo pakanatha kukhala munthu wonenepa ndi katundu wake.

A Elliot anatuluka m'nyumba atavala jekete. M'malo mwa maiki anawapatsa tochi. Anayambira kwa agogo a agogo awo. Asanafike pa dzombe, mbuzi ya oyandikana nawo inalira, ndipo Yesaya mwachizolowezi anawomba m'manja, phwa.

"Tibwereze pamenepo, amalume. Mbuzi yalowa."

"Zimatheka kubwereza?"

"Kangati konse mungafune."

Mawu amenewo Yesaya anawalirira pambuyo pake. A Elliot anali asanamvepo chinthu chokoma chotero. Anabwereza chifukwa cha mbuzi. Anabwereza chifukwa anaiwala mwambi. Anabwereza chifukwa mwambiwo unatuluka bwino ndipo anafuna kuumvanso. Ndipo sankabwerezera pamene alekezera, ankabwerera kwa agogo a agogo. Dzuwa linakwera. Mkono wa ankhoswe a kuchimuna unayamba kunjenjemera, chitenje n'kumatsika, Pauline n'kumawanong'oneza kuti, "Kwezaniko pang'ono, bambo."

Ulendo wina, atadutsa pa feteleza, a Elliot anatembenukira kwa Yohane.

"Ndipo iwe mkamwini, usadzayerekeze, ndikuti usadzayerekeze, kutenga usipa kukapatsa mkazi wa eni pamene wako waima ndi beseni. Mtengo wabwino uli kunyumba kwako. Ndipo iwe Mwaiwathu, mapoto si akabaza kuti azingoyendayenda m'misewu."

Yesaya anasuzumira kuseri kwa foni.

"Amalume, paukwati paja zimenezo zinali zisanachitike."

"Ndinanena."

"Koma usipawo wagulitsidwa mwezi wathawu..."

"Ndinanena ine! Unadula ndiwe. Ukanasiya, bwenzi ana awa atamva, bwenzi tili pano? Uli ndi umboni woti sindinanene?"

Yesaya analibe. Ankhoswe a kuchimuna, kuseri kwa chitenje, anavomereza kuti iwonso akukumbukira ndithu mawu amenewo. Munthu amene mkono wake wauma amakumbukira chilichonse.

"Tiyambirenso," anatero a Elliot.

Anabwerera kwa agogo. Akwati anaweramitsanso mitu. Mutu wa Yohane unapitirira kutsika, kutsika, mpaka chibwano chinagunda tayi, ndipo panamveka kamkonono kakang'ono ngati injini ya boti ili kutali. Mwaiwathu anapirira. Kamkonono kanakula. Dzanja lake linanyamuka lokha, koma pamene anakhala sakanamufikira, ndiye anasendera, anasenderanso, n'kumutsina pantchafu pomwe paja.

Yohane anadzidzimuka. "Atha?" ananong'ona.

"Akadali ku Chitala," anayankha Mwaiwathu kukamwa kuli m'velo. "Dzombe silinafike n'komwe."

Yohane anayesa kumeza kuseka, koma kunatulukira m'mphuno. Mwaiwathu anagwira pamimba. Anayesa kuyang'ana kumbali, anakumanizana maso, basi zinatheka. Anaseka mpaka pini imodzi inathothoka kumsana, Yohane n'kugwira diresi kuti lisatseguke, iye n'kutsamira paphewa la suti yonunkha usipa ija, misozi ili mbwembwembwe. Pauline anaseka, chitenje chinagwa, kumbuyo kunaonekera bafa la udzu.

Yesaya anapitiriza kujambula. Kuwala kunali kochokera kumbali, velo inkagwedezeka, nkhope zonse ziwiri zinali m'chithunzi. M'moyo wake wonse anali asanajambulepo chinthu chotere. Ichi ndicho chimene Aphunzitsi ankanena m'maphunziro onse aja, kamphindi kamene umatayira zina zonse kuti ukasunge.

A Elliot anadikira mpaka phokoso litatha. Kenaka analoza foni ndi tochi.

"Apo udule."

"Amalume?"

"Mkwatibwi saseka ankhoswe akulankhula. Anthu adzati sanalangidwe. Dula." Ndipo anawomba m'manja kamodzi, phwa.

Anamaliza malangizo mwini diresi ataima kale pachipata. Zotsalazo sizinatenge nthawi. Ankhoswe awiri anakhala pamphasa, Yohane anagwada m'suti ya eni napepesa, a Elliot anati nkhani yatha. Mapoto anabwerera madzulo ake pa njinga ya Yesaya, ulere. Boti litasamukira ku Makanjira Yohane anapita nalo, koma usipa wake unkabwera m'matumba olembedwa dzina la Mwaiwathu, ndipo mwana atabadwa anawoloka kudzamuona.

Yesaya anadula pamene anauzidwa, pokhapo basi. Kuti filimu yonseyo ikwane mufoni anachita kufufuta maphunziro a moto aja, asanawaonere n'komwe. Holo anaiikamo kumbuyo, ngakhale kuti m'ngodya imodzi mumaoneka zala za ankhoswe a kuchimuna zikuyandama pakhoma. Ataiika pa intaneti, palibe wa kudziko lakutali amene anaikapo kamtima. Masiku ano akadali pansi pa mtengo wa nimu, mlonda akasintha mawu olowera amanyamulanso makala, ndipo anthu a maukwati amamufuna ndithu. Pomulemba ntchito amamuuziratu kuti akufuna yaitali, ngati ya a Elliot.

Ku Chitala, a Elliot anaikopera pa memore kadi, ndipo mlendo aliyense wofika pakhomo pawo amaionera, afune asafune. Iwo amakhala pambali atavala jekete, milomo ikutsatira mawu awo omwe. Pali malo amodzi pamene chithunzi chimadumpha. Chisanadumphe, akwati ali wina uku wina uko, nkhope zili gwa. Chikangodumpha, ali phewa ndi phewa, dzanja la mkwati lili kumsana kwa mkwatibwi, onse akupukuta m'maso.

Pamenepo a Elliot amaimitsa filimu, n'kutembenukira kwa mlendo.

"Mwaona? Mpaka kulira. Ana a masiku ano amamva, bola ukawalankhula mokwanira."